Chainsaw yaikulu kwambiri si yomwe imathetsa ntchito msanga

Bambo wina wanditumizira imelo sabata ino. Ali ndi ntchito yogwetsa mitengo yolimba, ina yokula mpaka masentimita 70 kapena 80 m'mimba mwake, ndipo zipika zina akufuna kuchekamo matabwa. Diso lawo lagwera pa chainsaw (makina ochekera mitengo) ya Stihl MS 881 poti amva kuti ndiyo yaikulu kuposa zonse za kampaniyo, ndiye akufunsa ngati angogula yomweyo kuti athane nazo kamodzi n'kamodzi.

Bambo, ine ndikuti ayi, pokhapokha ngati matabwawo ndiwo ntchito yanu yeniyeni.

MS 881 ili ndi injini ya 121.6 cc (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini), ndipo injini yokhayo, yopanda bar (chitsulo chachitali chomwe tcheni imazungulirapo), tcheni ndi mafuta, imalemera pafupifupi makilogalamu 10. Mukamangapo bar yaitali n'kudzaza matanki onse awiri, mwadutsa makilogalamu 13. M'mawa katunduyu mudzamunyamula mosavuta. Koma pofika masana, mutawerama pa tsinde la mtengo wachisanu, mikono idzayamba kunjenjemera, ndipo munthu wotopa ndi amene amadzicheka. Mtengo ukagwa pamatsala kusadza nthambi ndi kudula zipika, ntchito yomwe imadya nthawi yambiri kuposa kugwetsako, ndipo pamenepo makina olemera amangokuchedwetsani.

Pa mitengo mwatchulayi, yang'anani makina a 70 cc kapena kupitirirapo pang'ono. Stihl MS 462 ili ndi 72.2 cc ndipo imalemera makilogalamu 6. Husqvarna 572 XP ili ndi 70.6 cc, makilogalamu 6.6. Onsewa amayendetsa bwino bar ya masentimita 50 mpaka 63. Musadere nkhawa kuti bar yafupika kuposa mtengo, chifukwa thunthu limachekedwa mbali ziwiri, moti bar ya masentimita 50 imagwetsa mtengo wa masentimita 80 ngati wochekayo akudziwa ntchito. Anthu ambiri amakonda bar yaitali chifukwa imaoneka yaulemerero, koma mano akachuluka mu mtengo injini imalemedwa, tcheni imayenda pang'onopang'ono, ndipo madzulo mano onsewo amadikira inu kuti muwanole.

Matabwa ndi nkhani ina. Podula chipika, injini imalira mwamphamvu kwa kanthawi kenako n'kupuma. Pocheka matabwa mumatsata utali wa mtengo, bar yonse ili m'kati, injini ili pa mphamvu yake yonse kwa mphindi zingapo osapumira, ndipo kutentha kumeneko ndiko kumapha pisitoni ya makina aang'ono. Apa ndi pamene pamafunika 90 cc kupita m'mwamba: Stihl MS 661 ya 91.1 cc, kapena Husqvarna 395 XP ya 93.6 cc. MS 881 ndi Husqvarna 3120 XP ndi za munthu wocheka zipika zazikulu tsiku ndi tsiku, makinawo atamangidwa pa felemu yomwe imatsetsereka pamwamba pa chipika, kulemera konse kuli pa mtengo osati pa msana wake. Tcheni ya matabwa nayo ndi yosiyana: mano ake amanoledwa pa madigiri 10, pomwe yodulira imanoledwa pa 25 kapena 30.

Ndiye ngati ndalama ikukwanira makina amodzi okha, ndipo mukufuna kugwetsa komanso kucheka matabwa mwa apo ndi apo, gulu la 90 cc ndilo lanu. MS 661 imalemera makilogalamu 7.4, omwe munthu wozolowera amatha nawo tsiku.

Komabe ma cc onsewa ndi achabe tcheni ikabuntha. Yang'anani zomwe zikugwa pa nsapato zanu mukamacheka. Tcheni yakuthwa imataya tizipalapala tokhuthala ndipo imadzikokera yokha mu mtengo. Yobuntha imatulutsa utuchi wosalala ngati fumbi, mumayamba kukanikiza, utsi umatuluka pa bar, ndipo mzere wochekawo umakhota. Pa mitengo yolimba kapena ya makungwa amchenga, tengani tcheni ya mano obulungira pakona, ija amaitcha semi-chisel. Imachedwerapo pang'ono koma sibuntha msanga ngati ya mano akona yakuthwa. Gulani tupa yoyenera kukula kwa tcheniyo, ndipo kachitsulo kotsogolera dzino lililonse kazitsitsidwanso mano akamatha, apo ayi dzino lakuthwa limangodutsa pamwamba osaluma.

Za mafuta n'zachidule. Pa makina awo ambiri, makampani awiriwa amalangiza kusakaniza 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo wa two-stroke mu malita 5 a petulo. Mu thanki ya tcheni musathiremo oyilo wakuda wochotsedwa mu galimoto, amawononga pampu ndi bar.

Chenjeraninso ndi makina achinyengo. Mayina otchukawa amakoperedwa kwambiri, utoto ndi zilembo zonse kufanana. Funsani nambala ya makinawo ndi pepala la chitsimikizo, ndipo musanasankhe pakati pa Stihl ndi Husqvarna, fufuzani kuti ndi iti yomwe fyuluta, pulagi, tcheni ndi mmisiri wake mungazipeze msanga. Kwa ine zimenezi zimaposa kusiyana kulikonse kwa makina awiriwo.

Pa bajeti yomweyo muikepo chipewa cholimba chokhala ndi chotchinga nkhope, zotseka m'makutu poti phokoso lake limapitirira madesibelo 100, nsapato zolimba ndi buluku loteteza miyendo, lija lomwe ulusi wake umakola tcheni n'kuiimitsa. Nsonga ya bar, mbali yam'mwamba, ikagunda chinthu, makina amadumphira kumaso mwadzidzidzi, ndipo injini ikakula kudumphako kumakulanso. Yesani buleki ya tcheni, yomwe imaimitsa tcheni makina akadumpha chotere, musanalipire, komanso m'mawa uliwonse musanayambe kucheka.