Kodi Counter-Strike inayamba bwanji?

Funso: Achimwene, ife anyamata a ku Chibavi kuno ku Mzuzu timakonda Counter-Strike heve, ndiye takanganapo, ena akuti ndi gemu yatsopano ena akuti ayi ndi yakalekale. Zoona ndi ziti?

Yankho: Aphwanga, amene akuti ndi yakale aja ndiwo akunena zoona. Inatuluka mu 1999 ndipo sinali gemu payokha ayi, anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, anangotenga gemu ina yotchedwa Half-Life nkuisintha kuti anthu azimenyana m'matimu, mbali ina zigawenga zotchera bomba mbali ina asilikali olichotsa. Kampani ya Valve, yomwe inapanga Half-Life, itaona mmene anthu ayikondera inaigula nkuitulutsa mu 2000, anyamatawo nkuwalembanso ntchito.

Chomwe ine chimandisangalatsa ndi choti ukafa basi wafa, umangokhala phee kuonerera anzako mpaka raundi ithe, ndiye palibe zothamanga wekhawekha ngati wamisala, mumayenera kuuzana kuti iwe gwira khomo ili ine ndizungulira uku, komanso ndalama zogulira mfuti mumazisunga mogwirizana, mukaluza raundi nthawi zina mumangolowa ndi kapisito kuti yotsatira mudzagule AK-47. Nchifukwa chake mapu (malo omenyerana mu gemumo) ngati Dust2 anthu sakutopa nawo mpaka pano.

Kenako kunabwera mitundu ina ya gemuyi, Source mu 2004, Global Offensive mu 2012 yomwe inakhala yaulere mu 2018, ndiye Counter-Strike 2 mu 2023. Kuno vuto ndi netiweki ndi bando, ping (nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ya gemu nkubwerako) ikakwera umafa usanamuone mdani, ndiye sankhani seva ya ku South Africa yomwe ili pafupi osati ya ku Ulaya.