Mabuku a nkhani zachikhristu: oyambira ndi kawunikidwe kake

Amayi, mwati mukufuna kuyambitsa kagulu kowerenga mabuku a nkhani zopeka zachikhristu ndi achinyamata a kutchalitchi kwanu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo mwafunsa buku loyambira komanso momwe anawo angalembere maganizo awo akamaliza. Musanagule kanthu, agwirizane kaye kuti buku la nthano si Baibulo, si ulalikinso. Liyesedwe pawiri: kodi nkhaniyo yasimbidwa bwino, nanga zomwe ikuphunzitsa zikugwirizana ndi Malemba? Magulu ambiri amasakaniza ziwirizi, ndiye buku lililonse lotchula dzina la Yesu limangopatsidwa "ndi labwino kwambiri", zokambirana n'kuthera pomwepo.

Yambani ndi The Pilgrim's Progress la John Bunyan, lomwe linatuluka mu 1678. Lilipo m'chinenero chathu pa dzina loti Ulendo wa Mkhristu, choncho mutha kutuma wina wochokera kumudzi ku Malawi kuti akufunireni. Tengani gawo loyamba lokha. Lachiwiri, la mu 1684, lidikire. Ubwino wake ndi woti likhoza kudulidwa mosavuta: munthu ali ndi katundu kumsana, wamira m'thope la kutaya mtima, wafika pamsika wa zachabe, watsekeredwa m'ndende ya chimphona. Malo aliwonse ndi phunziro la sabata imodzi. Vuto ndi Chingerezi chake chakale. Lilipo laulere pa intaneti, pa tsamba la mabuku akale la Project Gutenberg, koma wa Form 2 akhoza kulitaya patsamba lachitatu, ndiye funani lomwe linalembedwanso m'Chingerezi chamakono.

Buku lachiwiri, ngati mungalipeze, ndi Nthondo la Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, la mu 1933. Limatsata munthu mmodzi wa m'mudzi wa Achewa kuyambira kubadwa, unyamata wake wosokonekera, ufumu, mpaka kutembenuka mtima. Ana obadwira muno, amene Malawi amangomumva kwa agogo, apezamo miyambo yoti akafunse kunyumba. Ndi losowa, koma m'mabanja akale a ku Mbare ndi Highfield musalephere kufunsa akuluakulu.

Kwa amene apitirira zaka 16 ndikanaika Cry, the Beloved Country la Alan Paton, la mu 1948. M'masitolo simulipeza pa shelefu ya mabuku achikhristu, koma limaposa ambiri okhala pamenepo. Wansembe wa Anglican, Stephen Kumalo, anyamuka kumudzi kupita ku Johannesburg kukafuna mwana wake ndi mlongo wake, ndipo zomwe apeza kumeneko sizikonzeka ndi pemphero limodzi. Banja lililonse lomwe lili ndi wina ku Joni lilimva msanga.

Pali ena otchuka ofunika kusamala nawo. Redeeming Love la Francine Rivers, la mu 1991, ndi nkhani ya mneneri Hoseya yosamutsidwira ku California m'zaka za m'ma 1850. Ndi lokoma, koma muli uhule ndi nkhanza kwa mwana wamkazi, ndiye lisungireni amayi ndi atsikana akuluakulu, ndipo awerenge kaye Hoseya 1 mpaka 3. Left Behind la Tim LaHaye ndi Jerry Jenkins linayamba mu 1995 ndipo mabuku ake ndi 16. Lakhazikika pa chiphunzitso choti okhulupirira adzakwatulidwa chisautso chachikulu chisanayambe, zomwe CCAP, Katolika ndi Anglican saphunzitsa motero. Kuliwerenga si mlandu, koma abusa kapena mkulu wa mpingo adziwe, apo ayi ana adzatenga zopeka za olembawo ngati ndi Chivumbulutso chenicheni. Kwa ang'onoang'ono, The Lion, the Witch and the Wardrobe la C.S. Lewis, la mu 1950, lili ndi mitu 17 yaifupi, ndipo mkango wofera mwana wolakwa n'kuukanso suvuta kuufotokoza. Koma muli mfiti ndi matsenga. Kwathu kuno mawu amenewo si nthabwala, ndiye uzani makolo bukulo lisanalowe m'nyumba mwawo.

Pogula kwa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, dziwani kuti ambiri mwa mabukuwo ndi ochita kufotokopa. Litseguleni pamalo anayi kapena asanu, onani ngati manambala a masamba akutsatana, onaninso tsamba lomaliza. Nthawi zina masamba khumi ndi angapo amasowa kapena kubwerezedwa, ndipo guluu wa kumsana amasweka mukangolitambasula. Yambani mwafunsa ku Harare City Library pa Rotten Row. Simufunika buku la aliyense: limodzi likwana anthu atatu oyandikana nyumba, aliyense masiku awiri. Lembani m'kope amene watenga. Kuwerengera pafoni kumatheka, koma magetsi akathima chowiringula chapezeka, komanso uthenga wa pa WhatsApp sulola munthu kumaliza ndime.

Gulu lisapitirire anthu 10, chifukwa akachuluka amayankhula ndi atatu okhaokha. Masamba 30 mpaka 40 pasabata, kukumana ola limodzi mukaweruka kutchalitchi. Wina awerenge mokweza tsamba limodzi lomwe lamugwira mtima, kenaka mafunso. Asiyeni asakanize Chishona, Chichewa ndi Chingerezi. Mukawakakamiza chinenero chimodzi angokhala duu.

Tsono kauniuni. Mawu 250 mpaka 300 akwana. Ayambe ndi dzina la buku, mlembi, chaka ndi kuchuluka kwa masamba. Nkhani aifotokoze m'ziganizo zitatu kapena zinayi zokha: mpangankhani wamkulu ndi ndani, akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani. Mathero asaulule. Apa ndi pomwe oyamba kumene amagwa, amasimba buku lonse mpaka malo n'kutha asananene maganizo awo.

Mbali yaikulu ikhale ya kuyesa nkhaniyo, ndipo malo abwino oyesera ndi pomwe munthu watembenuka mtima. Afunse: tinamuona akulimbana nazo m'mitu yapitayi, kapena mlembi wangomugwaditsa chifukwa masamba atsala pang'ono? Atatembenuka, ngongole, matenda ndi mkangano wa m'banja zatha tsiku lomwelo? Ngati zili choncho, bukulo likulonjeza zomwe Yobu ndi Paulo sanalandire, ndipo wowunika anene zimenezo mosaopa. Aonenso anthu osapemphera a m'nkhanimo: ndi anthu enieni okhala ndi zifukwa zawo, kapena ndi zoopsezera chabe? Pokambirana, akuyankhula ngati anthu kapena aliyense akatsegula pakamwa ndi ulaliki wa ndime zitatu?

Vesi lililonse lomwe mlembi watsamirapo alitsegule mu Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, awerenge mavesi asanu a kutsogolo ndi asanu a kumbuyo. Yeremiya 29:11 amakonda kuponyedwa m'mabukuwa ngati lonjezo la ntchito kapena banja mwezi wamawa, pomwe vesi 10 likunena za zaka 70 za ukapolo ku Babulo. Mwana akazitulukira yekha zimenezi saiwalanso.

Mfundo iliyonse ikhale ndi umboni wa tsamba. "Landidalitsa" ndi umboni wa m'tchalitchi, si kauniuni. Alembe kuti patsamba lakuti wakuti anachita chakuti, ndipo n'zomveka kapena n'zosamveka pa chifukwa ichi. Amalize ndi kunena woyenera kuliwerenga, msinkhu wake, ndi chenjezo ngati muli nkhanza kapena za kuchipinda.

Mukafika sabata yachitatu n'kupeza kuti oposa theka sakuwerenga, musawakalipire. Lisiyeni bukulo, aliyense alembe ziganizo zisanu zofotokoza pomwe linamutayira ndi chifukwa chake, mutenge lina lalifupi.