Ndibwerere kumudzi chimanjamanja? Yankho kwa mbale wathu wa ku Joni

Mbale wathu wina wa ku Mangochi watilembera imelo ali ku Cape Town. Anachoka kuno ali ndi zaka 21, pano ali ndi 30, ndipo amagwira ntchito ya m'gadeni kwa mabwana angapo. Pasipoti yake inatha, masiku 30 amene anamudindira pa Beitbridge anapyola kalekale. Funso lake ndi ili: "Mtima uli kumudzi, koma anzanga anamanga nyumba za malata, ine ndilibe chooneka. Ndibwere choncho anthu akandiseke?"

Achimwene, tiyambe ndi mapepala. Malamulo amene South Africa inakhazikitsa mu 2014 amati munthu akapyoletsa nthawi yake ndi masiku oposa 30, potuluka amamudinda kuti asalowenso kwa zaka zisanu. Ndiye zoti "ndikaone kaye, zikavuta ndibwereranso" kwa inu palibe, pokhapokha mufune kuwoloka Limpopo mozemba, ndipo zimenezo sindingakulangizeni. Ulendo wanu ndi wobwereratu. Poti pasipoti inatha, funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg za chikalata choyendera mwadzidzidzi. Kuli bwino kukwera basi ndi miyendo yanu kusiyana n'kugwidwa mumsewu, kukakhala ku Lindela, kumene amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo, n'kufika kuno ndi zovala za m'thupi zokha.

Tsopano za manyazi. Muyezo umene mukudziyezerawo ndi wa agogo athu a Wenela ndi Theba, mabungwe olemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni. Agogowo ankatsika ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi sutikesi yachitsulo, mudzi wonse n'kuwalandira ndi nthungululu. Koma anthu aja ankapita pa kontilakiti, kugona ndi kudya kunali kwa mgodi, ndipo gawo la malipiro awo linkasungidwa kuti adzalandirire kuno. Munthu ngakhale akhale womwa chotani, ankapezabe kanthu pobwera. Dongosolo limenelo linaima mu 1974 ndege yonyamula Amalawi itagwa ku Francistown, linayambiranso mu 1977, kenaka linatheratu mu 1988. Chimene sichinathe ndi chiyembekezo cha kumudzi. Inu mumalipira lendi ya kachipinda, thiransipoti, chakudya, kenaka Mukuru mwezi uliwonse: fizi ya mlongo, feteleza, maliro, matenda a mayi. Tawerengani zonse zimene mwatumiza zaka zisanu ndi zinayi zimenezi. Nyumba yanu ya malata mwina ili mmenemo, kungoti anthu anaidya ndi kuiphunzira.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kufuna kubisa manyaziwo ndi katundu. Filiji, masofa, TV yaikulu. Wa thiransipoti adyepo, a MRA pa Mwanza adyepo, n'kukafika kumudzi kumene ngakhale pholo la ESCOM kulibe. Pakatha miyezi itatu katundu yemweyo ali pamsika pamtengo wolira. Ngati pali chonyamula, nyamulani zida: makina otchetchera kapinga, sizasi yodulira maluwa, mapaipi othirira. Malo ogona alendo ali ndanda m'mbali mwa nyanja kwanuko, ndipo munthu wodziwa kusamala kapinga ndi dziwe losambira sapezeka wambawamba. Pemphaninso mabwana anu akulembereni makalata a umboni musananyamuke.

Ndalama musazisunge m'makwacha kwa wachibale. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga ya simenti m'thumba anagula matumba ochepa. Mukatumiza, igule chinthu sabata yomweyo. Ngati ndi puloti, kalata ya amfumu ikhale m'dzina lanu, ndipo akuonetseni malowo pa vidiyo ya WhatsApp, osati chithunzi. Zithunzi za nyumba za eni zalizitsa anthu ambiri ku Joni.

Mufike cha mu August kapena September, chakudya chikadalipo komanso musanachedwe kusosa. Mukafika mu February, khomo lililonse lidzakuonani ngati ADMARC. Ndipo muwauziretu a kunyumba pafoni, momveka, kuti mukubwera ndi zochepa. Oseka adzakhalapo, sabata ziwiri kapena zitatu, kenaka adzapeza nkhani ina. Dzipatseni miyezi isanu ndi umodzi yosonkhanitsa ya basi, ya zida ndi yodyera mpaka kukolola, ndipo pa miyezi imeneyo mapempho ena muziwakana.