Mwana wanga akufuna usilikali, koma mtima wake wonse uli pa mpeni

Funso: Aphungu, mwana wanga wamwamuna akumaliza sekondale chaka chino ndipo akuti akufuna kulowa usilikali, zikakanika upolisi. Zimenezo sindikukana. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wagula chimpeni, ndiye madzulo aliwonse amaonera mavidiyo pa YouTube n'kumakabaya mtengo kuseri kwa nyumba. Dzana ndinaupeza mpeniwo m'chikwama chake cha kusukulu. Nditamufunsa anati akukonzekera ntchito, akuti amene wapita akudziwa kale kugwira mpeni ndiye amalembedwa msanga. Kodi n'zoona? Ndine bambo wa ana atatu.

Yankho: Bambo, tiyambe ndi chikwamacho. Mpeniwo uchokemo lero lomwe. M'maiko ambiri kupezeka ndi mpeni pasukulu kapena pagulu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ndipo apolisi ndi asilikali asanalembe munthu amayamba afufuza ngati anapalamulapo. Mnyamata wanu akhoza kudzitsekera khomo ndi chinthu chomwecho chimene akuganiza kuti chimutsegulira.

Zoti wodziwa mpeni amalembedwa msanga si zoona. Ndikupatseni chitsanzo cha asilikali amene dziko lonse limawadziwa ndi mpeni, a Gurkha a ku Nepal, omwe akhala akutumikira m'gulu la nkhondo la Britain kuyambira mu 1815. Mpeni wawo wokhota, kukri, uli pa baji yawo yomwe. Chaka chilichonse anyamata zikwizikwi amalimbirana malo mazana ochepa chabe, ndipo mayeso omaliza amachitikira ku Pokhara. Kumeneko amawayesa masamu ndi Chingerezi, madokotala amawaunika thupi lonse, amawafunsa mafunso pamaso pa akuluakulu, kenako amathamanga mokwera phiri atabereka dengu lolemera kumsana. Kukri uja amadzapatsidwa atalembedwa kale. Ngati eni mpeni salemba munthu poona mpeni, ena angatero bwanji?

Komabe mwana wanu sanalote. Mpeni ulipodi m'maphunziro a usilikali, makamaka uja womangirira kunsonga kwa mfuti, wotchedwa bayonet. Ambiri amati dzinali linachokera ku Bayonne, mzinda wa ku France, m'zaka za m'ma 1600. Mfuti za nthawiyo munthu akawombera kamodzi ankatenga nthawi kuti aikemo onga ndi chipolopolo china, ndiye mdani akafika pafupi mfutiyo inkasanduka mkondo. Lero mfuti zimalavula zipolopolo zambirimbiri pakanthawi kochepa, n'chifukwa chake kumenyana ndi bayonet kukusowa kwambiri. Asilikali a Britain anachitapo zimenezi pa phiri la Tumbledown ku Falklands mu 1982, komanso pafupi ndi Al Amarah ku Iraq mu 2004, ndipo nkhanizi zimakambidwabe chifukwa choti n'zapatalipatali. Gulu la asilikali apamtunda la United States linachotsa phunziro lothamangira mdani ndi bayonet m'maphunziro oyambirira mu 2010, ponena kuti nthawiyo ipite ku zinthu zimene msilikali amakumana nazodi kunkhondo. Anzawo a Marines, asilikali a ku America omenya nkhondo panyanja ndi pamtunda, sanalisiye.

Nanga osalisiyawo akulisungiranji? Apa ndi pamene mavidiyo aja sanena. Ophunzira amawathamangitsa, kuwakwawitsa m'matope mpaka atatheratu, kenako amawalamula kukuwa ndi kubaya matumba oimira adani. Mphunzitsi akangoti basi, aliyense ayenera kuima pompo. Chimene akuphunzitsa n'chakuti munthu azitha kudzutsa ukali akalamulidwa ndi kuugwira mtima akalamulidwanso, ngakhale atatopa kapena ali ndi mantha. Phunziroli limatenga masiku ochepa chabe pa miyezi yambiri ya maphunziro. Nthawi yotsalayo imathera pa kuguba, kuwombera, kusamala mfuti, kuwerenga mapu, kulankhula pa wailesi, chithandizo choyamba ndi malamulo a nkhondo. Mnyamata wobaya mtengo payekha akuphunzira theka loyamba lokha, ukali, popanda womuuza kuti aime.

Kunena zoona, mpeni wa msilikali umadula zingwe ndi kutsegula mabokosi nthawi zambiri kuposa china chilichonse. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, William Fairbairn ndi Eric Sykes, omwe anagwirapo ntchito ndi apolisi a ku Shanghai, anakonza mpeni wowonda wosongoka wa asilikali apadera a Britain, ndipo kampani ya Wilkinson Sword inayamba kuupanga mu 1941. Unali wobayira basi. A Marines ena a ku America atapatsidwa mpeni wofanana nawo, anayamba kutsegulira zitini ndi mabokosi, nsonga n'kumathyoka. Mu 1942 anasankha wina wokhuthala, Ka-Bar, woti ukhoza kukumba, kusema ndi kudula waya osawonongeka. Mpeni wa mfuti ya AKM, imene inatuluka mu 1959, anaupanga moti ukaulumikiza ndi chimake umakhala ngati sizasi yodulira waya wa mpanda. Zikusonyeza kuti opanga zida anaona okha ntchito imene asilikali amagwiritsira mpeni.

Ku upolisi ndiye nkhani imatembenukiratu. Wapolisi saphunzitsidwa kumenyana ndi mpeni, amaphunzitsidwa kupulumuka kwa munthu wa mpeni ndi kupulumutsa ena, kuphatikizapo wa mpeniyo, chifukwa ntchito yake ndi kumufikitsa kukhoti ali moyo. Ambiri mwa anthu amene apolisi amawapeza atagwira mpeni ndi oledzera, odwala maganizo kapena okangana m'banja. Mfundo za United Nations zokhudza kugwiritsa ntchito mphamvu ndi mfuti, zimene anagwirizana ku Havana mu 1990, zimati wapolisi ayambe wayesa njira zosavulaza, ndipo mfuti aitulutse pokhapokha moyo wake kapena wa wina uli pangozi yeniyeni ya imfa kapena kuvulala koopsa.

Mu 1983 wapolisi wina wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anayesa kuti aone kuti munthu wa mpeni amatenga nthawi yaitali bwanji kufika pa wapolisi. Anapeza kuti mtunda wa mamita pafupifupi 6 ndi theka munthu amaudutsa pa sekondi imodzi ndi theka, nthawi yomwenso wapolisi amatenga kusolola mfuti ndi kuwombera. Ena anaimva molakwa nkhaniyi, ngati chilolezo chowombera aliyense amene wayandikira. Aphunzitsi abwino amatengapo phunziro lina: ona manja a munthu msanga, khala patali, ika galimoto kapena tebulo pakati pa iwe ndi iye, lankhula naye, itana anzako. Ku Japan apolisi ali ndi ndodo yaitali ya mphanda kumapeto, sasumata, yopanikizira wa mpeni kukhoma ali patali. Kwina amadalira zishango, utsi wokhetsa misozi, Taser (chida chofooketsa munthu ndi magetsi) ndi zovala za pachifuwa zosalowa mpeni. Wapolisi akanyamula kampeni m'thumba, kawirikawiri n'kodulira lamba wa m'galimoto pangozi, chingwe, kapena zovala za munthu wovulala kuti bala lioneke.

Pali chinthu china chimene ndimafuna makolo achimve. Aphunzitsi a usilikali ndi upolisi savutika ndi mwana wosadziwa kanthu. Amavutika ndi amene wabwera ndi zizolowezi zake, woti ayambe amuchotsa za pa intaneti asanamuikemo zoyenera. Ndiponso pofunsa mafunso, mnyamata amene maso ake amawala akamakamba zobaya amawadetsa nkhawa ofunsawo. Akufuna munthu woti adzamupatse mfuti n'kugona tulo.

Tsopano ndilankhule ndi mwini nkhani, poti ndikukhulupirira kuti mumuwerengetsa. Iwe mnyamata, khama lako ndaliona ndipo sindikuliseka. Si ana ambiri amene amadzuka okha n'kumakonzekera ntchito asanamalize sukulu. Kungoti mphamvuzo zikuthera pa mtengo. Ukafuna kukonzekera, thamanga. Yamba ndi mtunda waufupi, uziwonjezera pang'onopang'ono ndipo uzidziwerengera nthawi, chifukwa kumayeso adzakuwerengera. Chita mapushapu, phunzira kusambira, zolowera kuyenda mtunda wautali ndi katundu kumsana. Ngati mtima ukufunabe zolimbana, lowa kalabu ya judo, nkhonya kapena kugwetsana komwe kuli mphunzitsi weniweni. Kumeneko udzaphunzira kugwa osavulala, kugwira munthu osamupweteka, komanso kugonja osapsa mtima, zimene wapolisi amazifuna tsiku ndi tsiku pomanga munthu unyolo. Ukapeza maphunziro a chithandizo choyamba, usawaphonye. Kudziwa kuletsa magazi pa bala lakuya ndi luso la mpeni lokhalo limene ndingakulimbikitse kuphunzira panopa, ndipo satifiketi yake ukhoza kuionetsa kwa olemba ntchito popanda manyazi.

Usaiwalenso zala zako. Mpeni ukagunda chinthu cholimba, dzanja limatererekera kutsogolo n'kugwera pa kuthwa kwake. Mtsempha wa chala ukaduka, chalacho chikhoza kuuma osapindikanso bwino, ndipo dokotala woyeza ofuna usilikali amayang'ana manja chala chimodzichimodzi.

Mabukuwonso usawataye. Wapolisi amathera maola ambiri akulemba malipoti ndi kupereka umboni kukhoti, ndipo lipoti lolembedwa mosokonekera limamasula wolakwa. Msilikali amene akufuna kudzakhala ofisala, wokonza ndege, wa zomangamanga kapena wa zachipatala amasankhidwa poona magiredi, makamaka masamu, sayansi ndi chilankhulo.

Bambo, inu chitani ichi. Pezani chilengezo chenicheni cha ntchito chochokera ku likulu la asilikali kapena apolisi a m'dziko lanu, chaposachedwa, osati zongomva kwa anthu, chifukwa zaka zobadwa ndi magiredi ofunika zimasiyana dziko ndi dziko ndipo zimasintha. Mukhale naye pansi muwerenge limodzi mzere uliwonse, iye azichonga zimene wakwanitsa kale ndi zimene zatsala. Musamukalipire za mpeniwo pamaso pa abale ake, angayambe kukubisirani. Ingomuuzani kuti muusunga ndinu, ndipo ngati miyendo ikulolani, Loweruka likubwerali mutuluke naye m'mamawa mukamugwirire wotchi pamene akuthamanga.