Nyumba zamalata zilipo, nanga dimba lili kuti?

Mphunzitsi wina wa ku Ulongwe wanditumizira funso pa imelo. Akuti ochita kafukufuku akhala akuyenda m'midzi ya chigawo chathu cha Tete, kufunsa kumene anthu amalima, kumene amatunga madzi ndi kumene amagulitsa zokolola zawo, ndipo iye sakuona phindu la mafunso otere pamene chitukuko chikuoneka ndi maso: mzinda wa Tete wakula, mlatho wachiwiri wa pa Zambezi, wotchedwa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014, ndipo sitima za malasha zikuyenda.

Aphunzitsi, kuti ndikuyankheni bwino tiyeni tipite ku Cateme. Pamene kampani ya Vale inkakonzekera kukumba malasha ku Moatize, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa m'zaka za 2009 ndi 2010, ndipo ambiri anapatsidwa malo ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni ya Moatize. Munthu wowerenga nyumba zokha akanati zonse zili bwino, popeza kunamangidwa nyumba zamalata, sukulu ndi chipatala. Koma anthuwa kale ankakhala moyandikana ndi mtsinje wa Revúbuè, kumene mayi ankathirira ndiwo zamasamba kudimba chilimwe chonse, bambo n'kumaumba njerwa kapena kuotcha makala, msika uli pamtunda wongopalasa njinga. Kumalo atsopanoko ambiri anapeza nthaka yamiyala, madzi ovuta kupeza, ndi msika wofuna ndalama yagalimoto, moti phindu la thumba limodzi la makala linkathera panjira. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji yonyamula malasha, chaka chomwecho boma linakhazikitsa malamulo a kasamutsidwe ka anthu, ndipo mu 2013 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lofotokoza mavutowa. Zimene zinasowa ku Cateme ndi zomwezo zimene ochita kafukufuku akukufunsani: mtunda wa pakati pa khomo, munda, madzi ndi msika.

Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Agogo athu anaunjikidwa mokakamizidwa m'midzi yotchedwa aldeamento pa nthawi ya Apwitikizi, ena anachotsedwa m'mbali mwa Zambezi pomanga damu la Cahora Bassa, lomwe magetsi ake ambiri amagulitsidwa ku South Africa, ndipo nkhondo yapachiweniweni itavuta ambiri anathawira ku Malawi mpaka mtendere wa 1992.

Kumbali ya chitukuko chokhazikika, ine ndimakayikira chuma chongodutsa. Njanji ya ku Nacala, yodzera m'Malawi, inakonzedwa kuti malasha afike kudoko, osati kuti mbatatesi ya ku Angónia ndi Tsangano ipeze msika, ndipo Vale yomweyo inagulitsa mgodi wa ku Moatize kwa kampani ya Vulcan mu 2022. Malasha adzatha kapena mtengo wake udzagwa, koma nthaka yachonde ya kwanu kumapiriko idzakhalapo, ndipo msewu wamatope umene umaoletsa mbatatesi nthawi yadzinja sungalowe m'mapulani a boma ngati palibe amene anaulemba.

Chimene ndingakudandaulireni za ochita kafukufukuwo n'chakuti ambiri amatenga mayankho n'kukalemba m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi ku Maputo, osabwereranso kumudzi. Akadzafikanso, ayankheni mosabisa, muwauze maola amene mayi amayenda pokatunga madzi mu Okutobala, koma muwapemphe pamaso pa amfumu kuti adzabwere kudzafotokoza m'Chichewa zimene apeza.