Mwana akufuna kuphunzira za ndere za m'nyanja, chonsecho nyanja yamchere tilibe

Mayi wina wa ku Chinamwali ku Zomba wandilembera kuti mwana wake wamkazi, yemwe ali Fomu 4, wakakamira kudzaphunzira zoyeretsa madzi pogwiritsa ntchito ndere za m'nyanja yamchere. Nkhawa yawo ndi yakuti nyanja yotere kuno kulibe, ndiye ntchito adzaipeza kuti?

Mayi, mwanayo musamugwetse ulesi, zimene wawerengazo n'zoona. Ndere zofiirira monga Sargassum zili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa alginate, omwe amakoka ndi kugwira zitsulo zapoizoni zosungunuka m'madzi monga mtovu, cadmium ndi kopa. Nderezo sizilira kukhala zamoyo. Amaziyanika, kuzisinja, kudutsitsamo madzi oipawo, kenaka n'kuzitsuka ndi asidi kuti zitsulozo zichoke, nderezo zigwirenso ntchito. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ambirife timaganiza kuti tikawiritsa madzi kapena kuthiramo kolorini, basi tathana nazo. Tizilombo timafadi, koma mtovu umatsala momwemo, ndipo umaononga ubongo wa ana. Anzathu a ku Kabwe m'dziko la Zambia akuvutika nawo mpaka lero chifukwa cha mgodi wakale.

Chimene mwana wanu adzaphunzire kwenikweni ndi Chemistry, ndere n'khomo lolowera chabe. Pompano pa Chanco, yomwe tsopano ndi University of Malawi (UNIMA), akatswiri anafufuzapo kale momwe nthanga za cham'mwamba zimachotsera mtovu ndi cadmium m'madzi. Inde, cham'mwamba chomwechi timathyola ndiwo kuseri kwa nyumbachi. Tilinso ndi namasupuni wodzaza mu Shire, gaga, makoko a mtedza, zonsezi zikudikira woziyesa. Akadzafuna ndere za m'nyanja yamchere, ku Zanzibar amayi amalima mitundu ina ya nderezi m'mphepete mwa nyanja, ndipo angakapitirize maphunziro ake kumeneko kapena kwina.

Pakadali pano alimbikire Chemistry, Biology, Physics ndi Masamu, osaiwala Chingerezi, pakuti popanda kirediti ya Chingerezi pa MSCE kuyunivesite salowa. Polemba fomu yofunsira malo kuyunivesite ku bungwe la NCHE aike sayansi ya ku UNIMA, ayang'anenso mapulogalamu a za madzi ndi zachilengedwe m'mayunivesite a MUST, MUBAS ndi LUANAR.

Ntchito amazipeza ku mabungwe a madzi monga Southern Region Water Board, ku Malawi Bureau of Standards, m'mafakitale ndi kumigodi. Pa holide mupite naye ku mtsinje wa Likangala, atunge madzi m'botolo loyera kumtunda ndi kumunsi kwa tauni, awayerekeze, alembe zimene waona m'kope, akawaonetse aphunzitsi ake a Chemistry sukulu ikatsegulira.