Mafupa 206 akukana kulowa m'mutu? Yambira pa dzanja lako

Mtsikana wina wa ku sekondale wandilembera kuti amafuna adzakhale physiotherapist, wothandiza odwala kuti ziwalo zawo ziyambenso kuyenda bwino, koma topiki ya mafupa mu bayoloje ikumusowetsa mtendere, akuti akaloweza maina usiku kukamacha onse abalalika. Mayi ake nawo aponyapo mawu, akufunsa ngati mwanayu angosintha maganizo poti mutu wake sukusunga. Ndiyankha onse awiri pompano.

Iwe mwanawe, mutu wako ulibe vuto ayi. Chikukupweteka nchakuti ukuwerenga mafupa ngati maina a anthu osawadziwa pomwe mafupawo uli nawo, ena wawakhalira panopa. Tseka kaye bukulo utambasule dzanja. Chala chilichonse chili ndi timafupa 3 kupatula chachikulu chomwe chili ndi 2, ndiye zala zonse ndi 14. Pachikhatho pali 5, pamene dzanja lalumikizana ndi mkono pali ting'onoting'ono 8. Waona? 27 amenewo, dzanja limodzi lokha. Phazi lili ndi 26. Manja awiri ndi mapazi awiri akukupatsa 106, kutanthauza kuti wadutsa kale theka la mafupa 206 a munthu wamkulu usanafike nkomwe ku nthiti.

Otsalawo savuta. Nthiti ndi 12 mbali iyi 12 mbali inayo, amuna ndi akazi chimodzimodzi, zoti amuna ikuperewera imodzi usakalembe pa mayeso chonde. Chigaza chili ndi 22 ndipo amene amayenda ndi la nsagwada ya m'munsi lokha basi. Khosi lili ndi 7, nyamalikiti ndi khosi lake lonse lija nayonso ndi 7 omwewo. Lalitali kuposa onse ndi la pantchafu, femur, kakang'onong'ono kali mkati mwa khutu, stapes, kongokwana mamilimita atatu. Khanda limabadwa ndi mafupa ambiri kuposa wamkulu, ena amadzamatana pokula.

Koma pamene ndikufuna uchedwepo kwambiri ndi pa majointi, molumikizana mafupamo, chifukwa ntchito ukuifunayo yagona pamenepo. Osangoloweza kuti hinge, ball and socket, pivot. Pinda chigongono, chimapita kutsogolo nkubwerera ngati chitseko, hinge imeneyo, bondo nalonso lili m'gulu lomweli. Tsopano zunguza mkono wonse kuchokera paphewa, ukupita kulikonse eti? Mutu wa fupa ndi wobulungira ndipo wakhala m'kambale, ball and socket. Pachiuno ndi chimodzimodzi koma kambale kake nkozama, ka paphewa nkosazama, nchifukwa chake phewa limaguluka msanga munthu akagwa pomwe la pachiuno kuti liguluke pamafunika ngozi yeniyeni. Phewa linasankha ufulu, chiuno chinasankha kulimba poti chimanyamula thupi lonse. Ukapukusa mutu kukana, fupa loyamba la khosi, atlas, likuzungulira pa lachiwiri, axis, pivot ndi imeneyo. Ndiye pali a m'chigaza omwe sayenda nkomwe, anangolumana kuti ubongo utetezeke. Ukamadzifunsa kuti jointi iyi imayenda chonchi chifukwa chani, dzina limabwera lokha.

Pamene ana ambiri amataya mamalikisi ndi apa: ligament imamanga fupa ku fupa linzake, tendon imamanga mnofu ku fupa. Ukabinya phazi yavulala ndi ligament. Chingwe cholimba chija ukuchikhudza kumbuyo kwa chidendene ndi tendon. Kumapeto kwa mafupa kuli cartilage yoterera komanso timadzi ta synovial kuti asamakhulane, cartilage ija ikaperepeseka mpamene mawondo a agogo amayamba kudandaula. Ndipo fupa si ndodo youma, ndi lamoyo, lili ndi mitsempha ya magazi, limasunga kashiamu, mkati mwake mumapangidwa maselo a magazi, likathyoka limadzilumikiza lokha, pulasitala amangoligwira kuti lisasunthe.

Njira yanga ndi iyi, jambula chigoba chonse wekha papepala ngakhale chioneke choseketsa, lemba maina osaonera, kenako pezani mnzako muzilozana, iye akakhudza bondo iwe utchule patella, kafupa kakutsogolo kwa bondo kaja. Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa kuchezera usiku umodzi mayeso ali mawa.

Tsopano inu mayi. Musamubweze mwanayu chifukwa cha topiki imodzi, kuiwala maina achilatini nkwa aliyense, si chizindikiro choti ntchitoyi siyake. Koma ndisakunamizeni, ku koleji anatomy, phunziro la kapangidwe ka thupi, imakula, kuwonjezera pa mafupa adzakumana ndi minofu yoposa 600, ndiye chizolowezi chophunzira pang'onopang'ono achiyambe pano, ndipo fizikisi ndi kemisitiri asazitaye poti makosi a zaumoyo amayang'ananso kumeneko. Komanso njira si imodzi. Pali radiographer wojambula X-ray, pali opanga miyendo ndi manja ochita kupanga a anthu oduka ziwalo, pali dokotala wa opaleshoni ya mafupa amene amayamba wamaliza udokotala wonse kenako nkuwonjezera zaka zina zingapo. Chomwe mungayang'ane mwa iye ndi kuleza mtima, chifukwa physiotherapist amatha masabata akuphunzitsa munthu mmodzi kupindanso bondo. Ngati nkotheka mupezereni mpata akacheze ndi wina wogwira ntchitoyi amufunse mafunso ake. Madzulo ano mubwerekeni dzanja lanu awerengepo 27 aja, akalakwitsa ayambirenso pa chala chachikulu.